Zikhomo zikayamba kuoneka m'dambo la kwanu: zoyenera kuchita kuti khonsolo ya Harare ikumveni

Madzi amene amatuluka m'zimbudzi, m'mabafa ndi m'mafakitale a mu Harare amatsika ndi mitsinje ya Mukuvisi ndi Marimba n'kukathira mu Lake Chivero. M'nyanja yomweyo ndi mmene makina a ku Morton Jaffray amapopa madzi obwera kumipopi yathu. Mzinda uli kumtunda, nyanja ili kumunsi, ndipo pakati pake pali madambo amene amamwa mvula ya m'dzinja, kuisefa, n'kumaitulutsa pang'onopang'ono m'chilimwe. Dambo likathiridwa zinyalala za njerwa n'kuwakidwa simenti, mvula imathamanga pamwamba ndi uve wonse, zitsime zimauma msanga, ndipo nyumba za kumunsi zimalowa madzi. Amene adaika maliro ku Budiriro ndi ku Glen View nthawi ya kolera ya 2008 ndi 2009, imene idapha anthu oposa 4,000 m'dziko muno, safuna kuwafotokozera zambiri. Mu Disembala 2024 madzi a mu Chivero adafika poipa mpaka zipembere zinayi zidafa zitawamwa.

N'chifukwa chake mkangano wakuti pulani ya malo a mzinda uno ilole kumanga m'madambo kapena ayi si wa anthu a ku Borrowdale kapena okonda mbalame a ku Monavale okha. Ndi wathunso ife a ku Mbare, Highfield, Mufakose, Dzivarasekwa, Mabvuku ndi Tafara. Kwa zaka zambiri Harare ankayendera pulani yaikulu ya 1993, yolembedwa ku Hopley kudakali famu. Mu Novembala 2023 Pulezidenti Emmerson Mnangagwa adalamula makhonsolo onse 92 kuti akonze mapulani atsopano, ndipo ya Harare ikuyang'ana mpaka 2045. Komatu pulani yaikulu ndi denga chabe. Pansi pake pamabwera mapulani a madera, zopempha zosintha ntchito ya malo, ndi zilolezo zomangira, zimene zimatuluka mwezi ndi mwezi. Dambo la kwanu limatha kudzera m'timapepala timeneti.

Ndaona anthu akulankhula mwamphamvu pamsonkhano, ena mpaka misozi, koma zonena zawo osalowa m'faelo iliyonse. Malangizo awa ndi a mmene mawu anu angafikire pa tebulo la amene amagamula.

Yambani ndi kuchotsa mantha akuti ndinu obwera

Makolo a ambiri a ife adachokera ku Nyasaland, ku Tete kapena ku Chipata kudzagwira ntchito m'mafamu, m'migodi, pa njanji ndi m'makhitchini. Tidakula tikuuzidwa kuti za boma n'za eni dziko, ife tizingogwira ntchito. Maganizo amenewa atilanda zambiri. Malamulo aakulu a dziko a 2013, pa gawo 73, amanena kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wokhala pamalo osaononga thanzi lake. Sanena kuti mwini nyumba yekha, kapena wa chitupa chamtundu wakuti. Gawo 77 limakamba za madzi abwino akumwa, gawo 62 za ufulu wopeza zikalata zimene boma likusunga, ndipo gawo 6 limatchula Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka m'dziko muno.

Ngati ndinu loja, khonsolo sikutumizirani kalata, popeza makalata amapita kwa eni masitandi oyandikana ndi malowo. Koma chidziwitso cha m'nyuzipepala chimaitana munthu aliyense amene ali ndi dandaulo. Inuyo ndi amene mumatunga pa mjigo wa m'deralo, ndi ana anu amene amaoloka mtsinje popita kusukulu.

Dziwani nkhani yake ndi ofesi yake

Musanalembe kalikonse, fufuzani zinthu ziwiri. Choyamba, malowo ali m'manja mwa ndani. Epworth ili ndi bodi yakeyake, Chitungwiza ili ndi khonsolo yake, Ruwa chimodzimodzi. Kalata ya dambo la ku Epworth mukaisiya ku Town House, likulu la khonsolo ya Harare, yasochera.

Chachiwiri, nkhaniyo ndi yamtundu wanji. Ikhoza kukhala pulani, yaikulu kapena ya dera, imene lamulo la Regional, Town and Country Planning Act limati iikidwe poyera kwa miyezi iwiri kuti anthu aione n'kupereka maganizo. Ikhoza kukhala pempho la munthu kapena kampani yofuna kumanga nyumba zambiri, tchalitchi, malo omwetsera mafuta kapena mashopu pamalo amene pulani sidawalembere ntchito imeneyo. Apa nthawi yodandaula ndi mwezi umodzi kuchokera tsiku limene chidziwitso chidayamba kutuluka. Kapena ikhoza kukhala kauniuni wa mmene ntchitoyo ikhudzire chilengedwe, amene aliyense amangoti EIA, ndipo ameneyu mwini wake ndi bungwe la Environmental Management Agency, EMA mwachidule. Kawirikawiri ntchito imodzi imafuna zonse ziwiri, chilolezo cha khonsolo ndi satifiketi ya EMA, choncho muli ndi zitseko ziwiri zogogoda.

Zidziwitso zimenezi sazilengeza ndi chimkuzamawu. Zimakhala kumasamba a kumapeto a nyuzipepala ngati The Herald, m'tizilembo ting'onoting'ono pakati pa malonda a magalimoto ndi mauthenga a maliro, ndipo sizitchula dzina limene inu mumaitanira malowo. Zimangoti sitandi nambala yakuti, ya m'tauni yakuti. Sankhani munthu mmodzi pa gulu lanu, kaya la tchalitchi, la mzikiti kapena la bungwe la maliro, woti aziyang'ana masamba amenewo sabata iliyonse n'kujambula ndi foni chilichonse chotchula dera lanu. Ajambule pamodzi ndi tsiku la nyuzipepalayo, chifukwa masiku anu amayamba kuwerengedwa pamenepo, ndipo madzi akatayika saoleka.

Pitani mukaone mapepala ndi maso anu

Za mapulani a mzinda wa Harare zimaonedwa ku Cleveland House, mumsewu wa Leopold Takawira, ndipo chidziwitso chimatchula chipinda chake. Pitani m'mawa, anthu awiri, mutatenga kope, cholembera, chitupa ndi chithunzi cha chidziwitsocho. Nenani mwaulemu kuti mwabwera kudzaona pempho la sitandi nambala yakuti monga mmene chidziwitso chanenera.

Akakutambasulirani mapu musachite nawo mantha. Pezani kaye chinthu chimene mumachidziwa, kaya sukulu, chipatala, manda kapena mlatho, kenako tsatirani ndi chala mpaka mufike pa dambolo. M'mbali mwa mapu muli kabokosi kofotokoza mitundu. Onani mtundu umene apaka pamalo anuwo, ndipo funsani kuti pa pulani yakale padali mtundu wanji. Malo amene kale adalembedwa kuti ndi osiyidwa poyera, lero n'kupakidwa mtundu wa nyumba kapena wa malonda, ndiwo mutu wa kalata yanu. Lembani nambala ya faelo, dzina la wopempha, kukula kwa malo, ndi chimene akufuna kumanga. Funsaninso ngati m'faelomo muli kalata yochokera ku EMA. Akakana kuti mujambule, koperani ndi dzanja, musakangane nawo.

Za EIA funsani ku EMA: kodi ntchito ya pamalo akuti ili ndi satifiketi, ndipo idaperekedwa liti? Tsikulo n'lofunika chifukwa satifiketi imagwira ntchito zaka ziwiri, ikafuna kupitirira imayenera kuonjezeredwa nthawi. Lipoti la EIA lamulo limalola kuti anthu aliwerenge. Mukalipeza, thamangirani pa tsamba la anthu amene adafunsidwa maganizo. Mungapeze kuti adafunsa anthu asanu okhala kutali ndi dambolo, inu a pamphepete osakuonani. Funsaninso ngati malowo ali pa mapu a madambo amene bungweli limasunga.

Sonkhanitsani umboni wakuti pamenepo ndi dambo

Apa ndi pamene ife timaposa akatswiri obwera pa galimoto. Woyeza malo akabwera mu Okutobala amapeza pouma, udzu utapsa, n'kulemba kuti palibe madzi. Inu mukudziwa kuti dothi lakuda lija long'ambikang'ambika, limene mungalowetsemo dzanja m'ming'alu yake, mu Januwale limamata nsapato mpaka kuivula. Mukudziwa pamene pamamera bango, pamene achule amasokosera usiku wonse, pamene ana amagwira nkhanu, ndi pamene mukakumba mpaka m'mawondo madzi amayamba kutumphuka.

Jambulani zonsezi nthawi ya mvula, mutaima pamalo oti kumbuyo kuoneke chinthu chodziwika monga mlongoti wa magetsi kapena khoma la sukulu. Bwererani pamalo omwewo m'chilimwe mujambulenso. Mukaona zikhomo zopakidwa penti, lole ikukhuthula zibuma usiku, kapena ngalande yokumbidwa kuti madzi achoke, jambulani tsiku lomwelo ndipo lembani nthawi. Kukumba ngalande kapena kukwirira dambo popanda chilolezo cholembedwa n'kuphwanya gawo 113 la Environmental Management Act, ndipo ena amayamba dala kuumitsa malo chaka chathunthu kuti woyeza adzapeze pouma.

Pitani kwa agogo amene akhala m'deralo kuyambira kale. Khalani nawo pansi, muwafunse kuti madzi ankalekeza pati chaka cha mvula yambiri, chitsime chinkauma mwezi uti kale ndipo lero chimauma mwezi uti, nyumba ziti zidayamba kulowa madzi atamanga kumtunda. Lembani mawu awo monga akunenera, muwawerengere, ndipo akavomera asaine kapena adinde chala. Ngati pafupi pali paipi ya suweji imene imaphulika kawirikawiri, lembani masiku ake. Wofuna kuonjezera nyumba 200 pa paipi yolephera kale ayenera kuyankha kuti uvewo upita kuti, poti malo oyeretsera suweji a ku Firle ndi ku Crowborough ndi olemedwa kale.

Lembani kalata

Isapitirire masamba awiri. Pamwamba ikani dzina lanu, pamene mumakhala, nambala ya foni ndi tsiku. Mzere wotsatira ukhale ndi nambala ya sitandi, nambala ya faelo, ndi tsiku la chidziwitso. Chiganizo choyamba chinene mosazungulira kuti mukutsutsa pempholo, kapena kuti mukupempha kuti gawo lakuti la pulani lisinthidwe. Kenako zifukwa, chilichonse pandime yake, chilichonse ndi umboni wake: malowa ndi dambo, onani chithunzi 1 ndi 2, madzi ake amathira mu Marimba, nyumba za mumsewu wakuti zidalowa madzi chaka chakuti, anthu a pamphepete sadafunsidwe. Tchulani gawo 73 la malamulo aakulu ndi gawo 113 lija. Pomaliza nenani chimene mukufuna chichitike, kaya pempho likanidwe, kaya malowo alembedwe pa pulani ngati dambo losamangapo, kaya woyeza abwerenso nthawi ya mvula. Pemphani kuti akuyankheni polemba.

Musatchule munthu kuti ndi wakuba kapena kuti wadya ziphuphu, ngakhale mtima ukuwawa. Mawu otere amapatsa wina mpata wotaya kalata yonse, ndipo akhoza kukubweretserani mlandu. Zipani nazonso zisiyeni kunja.

Ambiri amafunsa za chilankhulo. Mutha kulemba m'Chichewa, ndi ufulu wanu. Koma popeza amene aiwerenge ndi wotanganidwa ndipo nthawi ndi yochepa, ine ndimalangiza kuti mwana wasukulu kapena mphunzitsi akuthandizeni kuika Chingerezi chake pambali, zonse ziwiri muzipereke pamodzi. Mawu a agogo asiyeni mmene adawanenera, kumasulira kukhale pansi pake.

Chikalata chimodzi chosainidwa ndi anthu 300 n'chabwino, koma m'lipoti chingathe kuwerengedwa ngati dandaulo limodzi. Choncho chitani zonse ziwiri: chikalata cha gulu, ndi makalata khumi kapena makumi awiri a anthu osiyanasiyana, aliyense akunena zake. Mayi wogulitsa masamba anene za chitsime, bambo wa pakona anene za madzi olowa m'nyumba. Musakoperane.

Perekani ndipo mudinditse

Pangani makope awiri a chilichonse. Imodzi musiye, inayo akudindireni chidindo cha tsiku ndipo wolandirayo asaine. Musachoke pa kauntala popanda chidindo, ngakhale atakuuzani kuti mwini chidindo wapita ku nkhomaliro. Dikirani. Kope yodindidwayo ndi imene loya adzayambe kufunsa nkhani ikadzafika kukhoti. Ijambuleni ndi foni mutumizire anzanu awiri pa WhatsApp musanakwere kombi. Tumizaninso makope ku EMA ndi kwa khansala wa wadi yanu, ndipo perekani kudakali masiku angapo, osati tsiku lomaliza.

Pamsonkhano

Msonkhano wofunsa maganizo ukaitanidwa, kumanani dzulo lake mugawane mfundo kuti anthu asanu asabwereze chinthu chimodzi. Wolankhula atchule dzina ndi dera, anene mfundo imodzi, afunse funso lofuna yankho lenileni. Mwachitsanzo: "Bambo wapampando, woyeza malo adabwera mwezi uti?" Kapena: "Mayi, suweji ya nyumba zimenezi ilowa m'paipi iti?" Mukamaliza, pemphani kuti funso ndi yankho zilembedwe m'maminitsi, ndipo wina wa inu azilembanso zake.

Samalani ndi pepala limene limazungulira kuti musaine. Werengani mutu wake. Ngati ndi kaundula wa opezekapo, sainani, koma dziwani kuti mayina amenewo amakaikidwa kumapeto kwa lipoti ngati umboni wakuti anthu adafunsidwa. Mutha kulemba pambali pa dzina lanu kuti mukutsutsa. Fomu ya mafunso musaisiye ndi mipata yopanda kanthu, ndipo pepala lopanda mutu musasaine konse, ngakhale patabwera zakumwa ndi mabanzi. Msonkhano akauika pakati pa sabata m'mawa, ku hotela ya m'tauni kumene anthu ogwira ntchito sangafike, lembani kalata yopempha wina Loweruka mu holo ya m'dera lanu. Nayonso idinditseni.

Nkhani ya minda yathu ndi masitandi athu

Apa ndilankhule monga wa m'nyumba, chifukwa funsoli adzakufunsani ndithu. Ambiri a ife timalima chimanga ndi mbatata m'madambo momwemo, ena mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje. Malamulo a 2007, Statutory Instrument 7, amaletsa kulima mkati mwa mamita 30 kuchokera m'mbali mwa mtsinje. Khasu ndi feteleza zimaononga dambo, dothi limakokoloka kukadzaza Chivero, ndipo feteleza amadyetsa namasupuni ndi ndere zimene zaphimba nyanjayo. Kusiyana kwake n'kwakuti munda ukausiya dambo limatha kubwerera, monga zidachitikira ku Monavale kumene anthu a bungwe loteteza dambolo la COSMO adabwezeretsa udzu wachilengedwe, pamene simenti sibweza kanthu. Musabise kuti mumalima. Nenani kuti ndinu okonzeka kuchoka m'mphepete mwa madzi, ndipo pemphani kuti pulani ipatule malo ena olimapo anthu a m'tauni. Kalata yonena zoona chonchi imalemera kuposa yodziyeretsa.

Ena mwa abale athu adagula masitandi kwa ma land baron, anthu ogulitsa malo mosatsata lamulo, kapena kumakopaletivi achinyengo, adamanga ndi ndalama za thukuta, lero akuuzidwa kuti ali pa dambo. Anthu amenewa si adani anu. Tonse tikukumbukira Murambatsvina wa 2005, ntchito ya boma yogumula nyumba, pamene lipoti la United Nations lidati anthu pafupifupi 700,000 adataya pokhala kapena popezera chakudya. Gawo 74 la malamulo aakulu limaletsa kugumula nyumba ya munthu kapena kumuchotsa popanda chigamulo cha khoti. Choncho m'kalata yanu ya pulani onjezani kuti osamutsidwa apatsidwe malo ena okhala ndi madzi ndi zimbudzi asanachotsedwe, kuti ogulitsa malowo ndi amene ayankhe mlandu, ndi kuti lamulo likhale limodzi kwa onse. Nyumba yaikulu ya mashopu ya Longcheng Plaza ili chiimire pa dambo la ku Belvedere pafupi ndi National Sports Stadium. Sichilungamo kuti makina ogumula nyumba azidziwa njira ya ku Budiriro yokha.

Ndipo inu amene mukufuna kugula sitandi, kaioneni mu Febuluwale mvula itagwa, ndipo kafunseni ku khonsolo ngati pulani ya masitandiwo idavomerezedwa musanapereke dola ngakhale imodzi.

Akagamula, kapena akayamba kumanga osadikira

Patatha masabata angapo bwererani ndi kope yanu yodindidwa mukafunse pamene nkhani yafika. Funsani khansala tsiku limene komiti yoona za mapulani ikambirane. Misonkhano ya khonsolo yonse ku Town House anthu amaloledwa kukhalapo n'kumvetsera, ndipo makhansala amaona nkhope za anthu a m'wadi yawo.

Chilolezo chikaperekedwa inu mutatsutsa, pali njira ya apilo ku Administrative Court, ndipo chigamulo cha EMA chimatha kukadandaulidwa kwa nduna yoona za chilengedwe. Masiku ochitira apilo ndi ochepa, choncho tsiku limene mwamva chigamulo funani thandizo. Harare Wetlands Trust imatsata nkhani za madambo a mzinda uno, Combined Harare Residents Association ndi Harare Residents Trust zimaimira anthu okhala mu mzinda, ndipo maloya a Zimbabwe Lawyers for Human Rights akhala akutengera kukhoti milandu ya madambo ndi ya kugumula nyumba. Ngati dambo lanu lili ku Monavale, ku Cleveland Dam kapena m'mbali mwa Chivero ndi Manyame, auzeni zimenezi poyambirira, chifukwa malo amenewa ali pa mndandanda wa pangano la maiko loteteza madambo la Ramsar, limene msonkhano wake waukulu udachitikira ku Victoria Falls mu Julaye 2025.

Mukaona mathirakitala alowa nthawi yodandaula isanathe, kapena palibe satifiketi ya EIA, musakaime kutsogolo kwa makina ndipo musazule zikhomo, chifukwa mlandu utembenukira inu. Jambulani muli patali, lembani nambala za magalimoto ndi dzina la kampani lolembedwa pa chitseko, kanenenitu ku EMA ndi ku ofesi ya khonsolo ya m'dera lanu tsiku lomwelo, polemba. Kenako pitani kwa maloya ndi faelo yanu yonse: chidziwitso cha m'nyuzipepala, kalata yodindidwa, zithunzi za m'dzinja ndi za m'chilimwe, mawu a agogo, ndi zimene mudalemba pamsonkhano. Khoti lalikulu limamva mwachangu pempho loimitsa ntchito ngati odandaula sadachedwe, choncho musadikire kuti maziko atuluke pansi.